Kachisi wa Prambanan: kodi anamangidwadi ndi mizimu usiku umodzi?

Funso: Mwana wanga wamkazi ali pasukulu mumzinda wa Yogyakarta ku Indonesia, ndipo wanditumizira zithunzi za kachisi wamkulu wa Ahindu wotchedwa Prambanan. Akuti anthu akumeneko amanena kuti kachisiyu anamangidwa ndi mizimu usiku umodzi wokha, komanso kuti m'kati mwake muli mwana wamkazi wa mfumu amene anasanduka mwala. Kodi pali choona pamenepa? Nanga kachisi wa Ahindu akutani m'dziko limene ndimamva kuti ndi la Asilamu?

Yankho: Mayi, mwana wanu sanakunamizeni. Nkhaniyo ilipodi, ndipo ana a pachilumba cha Java amakula akuimva. Koma ndi nthano. Kachisiyo anamangidwa ndi anthu, ndi manja, kwa zaka zambirimbiri. Mkazi wamwalayo aliponso, mwana wanu akhoza kukamuona ndi maso, koma si mwana wa mfumu ayi. Musanaitaye nthanoyo, yambani mwaimva bwinobwino, chifukwa ili ndi malo ake m'mbiri ya kachisiyu.

Amati kalekale kunali maufumu awiri oyandikana, Pengging ndi Boko. Mfumu ya ku Boko, Prabu Boko, inali chimphona chankhanza. Itapita kukathira nkhondo ku Pengging inakumana ndi mwana wa mfumu ya kumeneko, mnyamata wokhwima dzina lake Bandung Bondowoso, ndipo inafera komweko. Mnyamatayo atalowa kunyumba yachifumu ya mdani wakeyo, maso ake anagwera pa mwana wamkazi wa malemuyo, Roro Jonggrang, dzina limene m'Chijava limatanthauza namwali wathupi lowongoka, losanenepa. Sanachedwe, anamufunsira mbeta.

Ndiye taganizani, mayi. Munthu wapha bambo ako dzulo, lero akuti ndikukwatire. Kukana poyera kunali kosatheka poti dziko lonse linali m'manja mwa mnyamatayo. Namwaliyo anangosankha kuika chiwongo choti munthu sangachikwanitse. Ena pokamba amati anayamba wapempha chitsime chakuya, ndipo Bondowoso atatsikiramo kukachiona, anthu a namwaliyo anamukwirira ndi miyala, koma iye anatulukamo wamoyo. Pamenepo m'pamene namwaliyo anatchula chachiwiri, chimene aliyense amachikumbukira: amumangire akachisi 1,000 usiku umodzi, ntchito ithe kusanache.

Bondowoso anaitana mizimu ya pansi pa nthaka. Miyala inayamba kusanjikana mumdimamo, kachisi uyu watha, winanso uyo watha, mpaka chiwerengero chinafika pa 999 usiku udakalipo. Roro Jonggrang ataona kuti zinthu zamuipira, anadzutsa adzakazi ake ndi amayi a m'midzi. Ena anawatuma kukayatsa milu ya mapesi a mpunga chakum'mawa, ena anawauza kuti ayambe kusinja. Mtondo wosinjira mpunga wa ku Java, umene amautcha lesung, si woimirira ngati wathu uja. Ndi chipika chachitali chogoba ngati bwato, ndipo amayi angapo amaima m'mbali mwake ndi misi yawo, kugunda mosinthana, mawu ake n'kumveka kutali. Atambala atamva misi, n'kuona kum'mawa kwafiira, anayamba kulira. Mizimu inaganiza kuti kwacha ndipo inabalalika, kusiya ntchito itatsala kachisi mmodzi. Bondowoso atazindikira kuti wapusitsidwa anamutemberera namwaliyo kuti asanduke mwala, akhale iyeyo wokwanitsa 1,000.

Ineyo chimene chimandisangalatsa m'nthanoyi ndi chida chimene namwaliyo anagonjetsera mizimu. Sanafune sing'anga kapena asilikali. Anangotenga zizindikiro za m'bandakucha zimene aliyense wokulira kumudzi amazidziwa, kugunda kwa musi ndi kulira kwa tambala. N'zoonekeratu kuti nthanoyi inabadwira pakati pa alimi a mpunga, osati kunyumba ya mfumu. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Tsopano za amene anamanga. Umboni waukulu ndi mwala wolembedwa m'Chijava chakale, umene umasungidwa kunyumba yosungira zinthu zakale ya boma ku Jakarta. Deti lake ndi chaka cha 778 pa kawerengedwe ka Saka, chomwe ndi 856 pa kalendala yathu. Mwalawu umanena za kupatulidwa kwa malo opatulika otchedwa Shivagrha, kutanthauza nyumba ya Shiva, mmodzi wa milungu ikuluikulu ya Ahindu, ndipo umafotokoza za kachisi wamkulu wozunguliridwa ndi mpanda ndi mizere ya tiakachisi ting'onoting'ono. Dzina loti Prambanan mulibemo, limenelo ndi dzina la mudzi wa pamalopo. Koma katswiri wa zolemba zakale J.G. de Casparis, amene anamasulira mwalawu m'zaka za m'ma 1950, anaona kuti zimene ukufotokoza zikugwirizana ndi malo amenewa, ndipo akatswiri ambiri anavomereza. Mwalawu umatchulanso kuti njira ya mtsinje inapatutsidwa chifukwa cha ntchitoyi, ndipo mtsinje wa Opak ukuyendadi chakumadzulo kwa mpanda wa kachisiyu mpaka lero. Anthu amene amakhala pansi n'kupangana zosuntha mtsinje si anthu a ntchito ya usiku umodzi.

Mfumu imene amati inayambitsa ntchitoyi ndi Rakai Pikatan wa ufumu wa Mataram wakale, ndipo mwala uja ndi wa nthawi imene ufumu unkapita kwa womulowa m'malo, Rakai Kayuwangi. Mafumu obwera pambuyo, monga Balitung ndi Daksa, anapitiriza kuwonjezera. Miyala yake ndi yakuda yochokera ku mapiri ophulika, yotchedwa andesite. Simenti panalibe. Ankasema mwala uliwonse kuti ulowane ndi unzake, kulemera kwake n'kumagwira chipupa. Nanga amisiri ochuluka chonchi ankadya chiyani zaka zonsezo? Chigwachi chili m'munsi mwa phiri lophulika la Merapi, ndipo phulusa lake limachititsa nthaka kukhala yachonde kwambiri. Mpunga womwewo umene nthano ikuti unathamangitsa omanga ndi umene unadyetsa omanga enieniwo.

Funso lanu lachiwiri lija likulowa pano. N'zoona kuti lero anthu pafupifupi 87 pa 100 alionse ku Indonesia ndi Asilamu, ndipo Ahindu safika awiri pa 100, ambiri mwa iwo ali pachilumba cha Bali. Koma Chisilamu chinabwera pambuyo. Maufumu achisilamu anayamba kuoneka kumpoto kwa Sumatra cha m'ma 1200, ndipo ku Java chinazika mizu m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500. Izi zisanachitike, kwa zaka pafupifupi 1,000, mafumu a zilumbazi ankatsatira Chihindu ndi Chibuda. Zipembedzozi sizinabwere ndi nkhondo. Zinayenda ndi zombo za malonda zimene zinkatsata mphepo za nyengo pakati pa India, zilumbazi ndi China, ndipo mafumu akumeneko anatengako chilankhulo cha Sanskrit, kalembedwe, milungu ndi miyambo ya ufumu, n'kuzisakaniza ndi zawo. Choncho Prambanan si kachisi wa alendo ochokera ku India. Anamangidwa ndi Ajava, makolo a anthu omwewo amene mwana wanu akukwera nawo basi.

Pali mkangano wina umene mudzaumva. Makilomita pafupifupi 40 kumpoto chakumadzulo kwa Yogyakarta kuli Borobudur, chipilala chachikulu cha Abuda chimene mafumu a banja la Sailendra anamaliza zaka makumi angapo Prambanan asanamangidwe. Ena amati Prambanan anali yankho la mafumu olambira Shiva, ngati kunena kuti nafenso tilipo. Mwina kupikisana kunalipo, poti mafumu ndi mafumu basi. Koma ine sindikhulupirira kuti panali udani wa zipembedzo monga mmene ena amakokomezera. Akatswiri ambiri amati Rakai Pikatan yemweyo anakwatira Pramodhawardhani, mwana wamkazi wa mfumu yachibuda Samaratungga. Komanso akachisi a Abuda ali pakhomo penipeni pa Prambanan, woyenda pansi amafikako thukuta lisanatuluke, ndipo palibe anawagumula.

Kamangidwe kake n'kotere. Pabwalo lapakati pali akachisi atatu aakulu oyang'ana kum'mawa. Wapakati ndi wa Shiva, wotalika mamita 47, kumwera kwake kuli wa mulungu Brahma, kumpoto wa mulungu Vishnu. Moyang'anizana nawo pali ena atatu ocheperapo, ndipo mwa wapakatiyo mwagona ng'ombe yamphongo yamwala, Nandi, imene Shiva amakwera. Kunja kwa bwaloli kunali tiakachisi 224 m'mizere inayi yozungulira. Mukawerenga onse pamodzi amakwana 240. Si 1,000, ndipo sanakhalepo 999.

Nanga mkazi uja ali kuti? Kachisi wa Shiva ali ndi zipinda zinayi, chilichonse ndi masitepe ake. Cholowera kum'mawa ndiye chachikulu, muli fano la Shiva lotalika mamita atatu. Kumwera kuli Agastya, mphunzitsi wandevu ndi mimba yaikulu. Kumadzulo kuli Ganesha wa mutu wa njovu. Mukazungulira kumpoto n'kukwera masitepe otsetsereka aja, mumalowa m'kachipinda kamdima kozizira, ndipo maso akazolowera mumaona mkazi ataimirira, thupi litapendekeka pang'ono m'chiuno, mphuno yake yoduka. Ameneyo ndiye anthu amamutcha Roro Jonggrang. Koma muyang'anitsitse. Ali ndi manja asanu ndi atatu. M'manja ena wagwira lupanga, uta, chishango ndi chigoba cha nkhono ya m'nyanja. Mapazi ake aponda pamsana pa njati yogona. Dzanja limodzi lakumanja lagwira mchira wa njatiyo, ndipo lina lakumanzere lagwira tsitsi la kamunthu kakafupi kamene kali chakumutu kwa nyamayo. Kodi namwali wotembereredwa mwadzidzidzi angaume ali ndi manja asanu ndi atatu, ataponda njati?

Mhindu aliyense akangoona amadziwa kuti uyu ndi Durga, mkazi wa Shiva, pa nthawi imene ankapha chiwanda chotchedwa Mahisha. Nkhani yake imati chiwandachi chinkadzisandutsa njati ndipo chinagonjetsa milungu yonse yaimuna, mpaka milunguyo inapereka zida zake kwa Durga, iye n'kuchipha. Kamunthu kogwidwa tsitsi kaja ndi chiwandacho chikutuluka m'thupi la njati. Ndipo Durga kukhala kumpoto si ngozi. Ndi dongosolo limene amisiri a ku Java ankatsata m'akachisi a Shiva. Pa kachisi wamng'ono wa Sambisari, amene ali pafupi pomwepo ndipo anapezeka atakwiririka m'munda mu 1966, Durga ali kumpoto komweko. Akanakhala mwana wa mfumu wosanduka mwala, bwenzi Java yense atadzaza ndi ana a mafumu otembereredwa.

Ndisanachoke pamwamba pa kachisiyu nditchuleko zosema za m'makonde. Mukalowera kum'mawa mumakhotera kumanzere n'kumayenda kachisi ali kudzanja lanu lamanja, monga amachitira olambira. M'chipupa cha khondelo anasemamo nkhani ya Rama, mwana wa mfumu wa m'nthano yotchuka ya Ahindu, chithunzi ndi chithunzi: kubedwa kwa mkazi wake Sita, mbalame Jatayu ikumenyana ndi wakubayo, kenako gulu la anyani likunyamula miyala kumanga njira yowolokera nyanja kupita ku Lanka. Pamenepo nkhani imaduka, ndipo kuti muimalize muyenera kutsika n'kukakwera kachisi wa Brahma. Pa wa Vishnu pali nkhani za Krishna. Nkhani ndi za ku India, koma nyumba, mitengo ndi ziweto zimene zili m'zithunzizo ndi za ku Java.

Tsono nthano ija inachokera kuti? Apa m'pamene pagona nkhani. Kachisi wokongola chonchi sanagwire ntchito nthawi yaitali. Cha m'ma 929 mfumu Mpu Sindok inasamutsira likulu kum'mawa kwa Java, zaka 100 zisanakwane chipatulireni malowa. Ena amati chinawathamangitsa ndi kuphulika kwa Merapi, ena amati nkhondo, enanso amati ankatsata madoko a malonda. Mafumu atachoka, chuma chosamalira kachisi chinauma, ansembe anatha. Zivomezi zinagwetsa nsanja zija, makamaka chachikulu cha m'zaka za m'ma 1500, mitengo n'kumera pamiyala. Anthu a m'midzi anapitiriza kulima mpunga wawo m'mbali mwa mabwinjawo, mibadwo n'kumadutsa, chipembedzo n'kusintha, kalembedwe kakale n'kuiwalika. Koma mwana akafunsa agogo ake kuti miyala yonseyi anaunjika ndani, agogo sangangoti kaya. Amafotokoza ndi zimene akuziona.

Ndipo zimene ankaziona n'zitatu. Paphiri lina makilomita atatu kumwera pali mabwinja a zipata ndi mipanda, amenewo anati ndi nyumba ya Prabu Boko, ndipo mpaka lero malowo amatchedwa Ratu Boko, ngakhale mwala wolembedwa wa mu 792 umasonyeza kuti poyamba panali nyumba ya amonke achibuda. Mamita pafupifupi 800 kumpoto kuli gulu lina la akachisi ambirimbiri, amenewo anawatcha Sewu, liwu la Chijava lotanthauza 1,000. Kunena zoona alipo 249, ndi a Abuda, ndipo ndi akale kuposa Prambanan. Chachitatu ndi mkazi wokongola uja m'kachipinda kamdima. Nthano inatenga malo atatu a zipembedzo ziwiri ndi mibadwo yosiyana, n'kuwasoka kukhala nkhani imodzi ya bambo, mkamwini wokanidwa ndi namwali. Kwa ine nthanoyi ndi umboni weniweni wa mbiri, koma osati wa zaka za m'ma 800. Imatiuza za anthu amene anakhala ndi mabwinjawa eni ake atapita. Dzina la namwaliyo linakakamira moti ngakhale akatswiri m'mabuku awo amatchula kachisi wamkuluyu kuti Loro Jonggrang.

Azungu anayamba kulemba za malowa mu 1733, pamene C.A. Lons, wogwira ntchito kukampani ya Adatchi ya malonda a kum'mawa, anafikapo. Angelezi atalamulira Java kwa kanthawi kuyambira 1811, Colin Mackenzie anayendera mabwinjawa pansi pa ulamuliro wa Stamford Raffles. Zaka zotsatira sizinali zabwino. Mafano ena anakathera m'minda ya maluwa ya akuluakulu achitsamunda, ndipo miyala yosemedwa inkatutidwa kukamangira maziko a nyumba. Mu 1885 injiniya wachidatchi J.W. IJzerman anayamba kuchotsa zinyalala m'zipinda za kachisi wa Shiva, ndipo pansi pa fano lalikulu anapeza dzenje lakuya. M'menemo munali bokosi lamwala lokhala ndi phulusa, timiyala tamtengo wapatali, ndi timapepala tagolide todulidwa ngati kamba, njoka ndi duwa. Phulusa limenelo linabala nthano ina, ya anthu ophunzira tsopano, yoti kachisiyu anali manda a mfumu. Maganizowa anakhala zaka zambiri mpaka katswiri wa ku Indonesia komweko, R. Soekmono, anawatsutsa mu 1974. Iye anasonyeza kuti mabokosi otere ankaikidwa pa mwambo wopatula kachisi, kuti malowo akhale ndi moyo, osati posunga mtembo wotenthedwa. Mukuona mayi, kudzaza mpata ndi nkhani yokoma si khalidwe la agogo akumudzi okha.

Ntchito yomanganso inayamba mu 1918 ndipo inayenda mwakachetechete, kudutsa m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi nkhondo yomenyera ufulu. Kachisi wa Shiva anatha mu 1953, ndipo Pulezidenti Sukarno anamutsegulira mu Disembala chaka chimenecho. Wa Brahma anatha mu 1987, wa Vishnu mu 1991, chaka chomwenso bungwe la UNESCO linaika malowa, pamodzi ndi Sewu, pamndandanda wa chuma cha dziko lonse. Pazithunzi za mwana wanu mwina mwaona milu ya miyala yakuda itangoti mbwee kuzungulira bwalo. Si ulesi. Lamulo la omanganso ndi lakuti kachisi amaimikidwa pokhapokha miyala yake yeniyeni itapezeka yokwana magawo atatu mwa anayi. Tiakachisi 224 tija tambiri sitikwanitsa muyeso umenewu chifukwa cha kututa kuja, n'chifukwa chake toimirira ndi towerengeka. Kenako pa 27 Meyi 2006 chivomezi chinagwedeza dera la Yogyakarta, n'kupha anthu oposa 5,700. Nsanja zikuluzikulu sizinagwe, koma zinang'ambika, nsonga zina zinathothoka, ndipo kukonza kunatenga zaka.

Lero malowa si a alendo ojambula zithunzi okha. Chaka ndi chaka, tsiku la Nyepi lisanafike, lomwe ndi tsiku lachete loyamba chaka cha Ahindu a ku Indonesia, anthu ambirimbiri ovala zoyera amasonkhana pamenepo kuchita mwambo wa Tawur Agung Kesanga. Mu Novembala 2019 anachitanso mwambo wopatula kachisiyu wotchedwa Abhiseka, patatha zaka 1,163 kuchokera pa deti la pamwala uja. Ndipo kuyambira 1961 kumakhala gule wa nkhani ya Rama usiku, masiku ano pabwalo lapanja la tsidya lina la mtsinje wa Opak m'nyengo yopanda mvula, nsanja zitatu zija zikuwala kumbuyo. Dera lake ndi la Asilamu ambiri, koma Rama, Sinta (Sita uja) ndi nyani Hanoman, monga amawatchulira kumeneko, amawatenga ngati a m'nyumba mwawo.

Pali kamphukira kena ka nthanoyi kamene mwana wanu mwina sanakuuzeni dala. Achinyamata akumeneko amanong'onezana kuti anthu amene ali pachibwenzi akapita limodzi ku Prambanan, chibwenzicho chimatha, ati chifukwa cha temberero la Bondowoso wokanidwa uja. Ine sindinaonepo mwala ukuthetsa chibwenzi, koma mukadzamuimbira foni mumufunse kuti zithunzizo anamujambula ndani. Mumuuzenso kuti akadzapitakonso akwere masitepe a kumpoto, awerenge manja a mkaziyo, ayang'ane chimene chili pansi pa mapazi ake, kenako ayende mpaka ku Sewu, kumene alendo ambiri safikako. Apite m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa pofika masana miyala yakudayo imatentha ngati chiwaya.